Musadikire fomu ya ngongole ya sukulu kuti muyambe kukonza mapepala

Kwa amene mwasankhidwa kupita ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MUST kapena Mzuni ndipo mukudalira ngongole ya HESLGB, bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'mayunivesite: yambani kukonza mapepala lero, bungweli lisanalengeze tsiku lofunsira.

Choyamba, ikani chitupa cha unzika cha ku NRB pambali pa satifiketi ya MSCE, muone ngati dzina ndi tsiku lobadwa zikufanana chilembo ndi chilembo. Apa ndi pomwe ambiri amakodwa. Kusukulu analemba Chimwemwe, pa chitupa Chimwemwie, kapena kwina mukudziwika ndi dzina la bambo, kwina la agogo amene anakulerani. Kukonza zoterezi kumafuna kuyenda m'maofesi, nthawi zina kukalumbira pamaso pa majisitireti, ndipo si ntchito ya tsiku limodzi. Ngati kholo linamwalira, funani umboni wake panopanso.

Kenako jambulani pepala lililonse ndi foni, masana, pamalo owala, m'mphepete monse muzioneka. Zithunzizo zitumizeni ku imelo yanuyanu. Foni ikabedwa, mapepala alipobe, ndipo simulipiranso ku intaneti kafe kuti akujambulireni kawiri.

Nambala ya foni yolemba pa fomu ikhale yolembetsedwa m'dzina lanu, osati ya achimwene amene ali ku Joni.

Fomu tumizani sabata yoyamba. Masiku otsiriza aliyense amathamangira nthawi imodzi, netiweki n'kumakana, bandulo n'kungothera pa kudikira. Mukatumiza, jambulani uthenga wotsimikizira kuti yalandiridwa ndipo muusunge limodzi ndi mapepala ena aja.