Kasanjidwe ka Maina a mu Imelo ndi mu Foni Potsata Dzina la Bambo

Mlembi wa gulu la alimi ku Ulongwe, mkulu wa mpingo ku Furancungo, ngakhalenso wamalonda wa ku Tsangano amene amatumiza mbatatesi ku Tete ndi ku Beira, amakhala ndi maina mazanamazana mu foni ndi mu imelo yake, ndipo Gmail pamodzi ndi mafoni ambiri a Android amandandalika mainawo potsata dzina loyamba. Kwa ife kasanjidwe kameneka kali ndi vuto, chifukwa akuluakulu timawadziwa ndi dzina la bambo wawo kapena mfunda wawo, ndipo dzina lawo loyamba, limene sitilitchula pakamwa chifukwa cha ulemu, kawirikawiri sitilikumbukira n'komwe. Komanso a João, a Manuel ndi a Maria ndi ochuluka m'dera lililonse, kotero kuti mndandanda wotsata dzina loyamba umaunjika pamodzi anthu osadziwana kwinaku ukumwaza anthu a nyumba imodzi.

Kusintha kasanjidweko sikutenga nthawi, koma muyenera kudziwiratu kuti pulogalamu sidziwa dzina la bambo la munthu aliyense. Imangowerenga zimene zalembedwa m'kabokosi ka dzina lomaliza basi. Ngati kabokosiko n'kopanda kanthu, kapena ngati muli mawu olakwika, mndandanda ukhalabe wosokonekera ngakhale mutadina malo oyenera onse. N'chifukwa chake ntchito yeniyeni ili pa kukonza mainawo, ndipo kudina n'gawo lochepa chabe limene tiyambire.

Amene mumagwiritsa ntchito Gmail pa kompyuta, tsegulani contacts.google.com, chifukwa maina a anthu amene mumalemberana nawo sasungidwa m'bokosi la makalata koma kumeneko. Pamwamba chakumanja pali kachizindikiro kooneka ngati giya; kadineni, mulowe pa "Mais definições", ndipo pa mawu akuti "Ordenar por" musankhe "Apelido" kenaka musunge. Ngati akaunti yanu ili m'Chingerezi, mawu ake ndi "More settings", "Sort by" ndi "Last name". Mu foni ya Android, lowani m'pulogalamu ya "Contactos", mupite ku "Definições", ndipo mupeza zosankha ziwiri zoyandikana zimene anthu amazisokoneza kawirikawiri. "Ordenar por" ndi imene imasintha malo a munthu pamndandanda, pamene "Formato do nome" imangosintha maonekedwe a dzinalo, kuti lizioneka ngati "Banda, Mateyu" m'malo mwa "Mateyu Banda". Ine ndimalangiza kusintha zonse ziwiri, popeza mndandanda wosanjidwa ndi dzina la bambo koma woonetsa dzina loyamba patsogolo umatopetsa maso, ndipo umaoneka ngati wasakanikirana ngakhale uli bwinobwino. Mafoni a Samsung ali ndi zosankha zomwezi m'pulogalamu yawoyawo ya maina. Dziwaninso kuti kusintha kasanjidwe pa kompyuta sikusintha kasanjidwe ka mu foni. Chipangizo chilichonse muyenera kuchikonza pachokha.

Pano pali msampha umodzi wa chilankhulo umene umakhudza ife a ku Mozambique. Mafoni ambiri amakhala ataikidwa pa Chipwitikizi cha ku Brazil, ndipo kumeneko dzina la bambo amaliti "Sobrenome", pamene "Apelido" ndi dzina lamasewera. Munthu amene wazolowera kulemba "apelido" pa mapepala a boma akhoza kuika maina onse a makolo m'kabokosi kolakwika osazindikira. Mukaona mawu akuti "Sobrenome" pa foni yanu, dzina la bambo lilembeni pamenepo.

Pa iPhone mulowe mu "Settings", kenaka "Contacts", ndipo pa "Sort Order" musankhe "Last, First". Kuyambira pa iOS 18, imene inatuluka mu 2024, "Contacts" imapezeka mkati mwa "Apps".

Outlook ya pa kompyuta, pulogalamu ya imelo imene imapezeka m'maofesi ambiri, ndi yovutirapo chifukwa imasanja maina m'malo awiri osiyana. Malo oyamba ndi a "File", "Options", kenaka "People", pamene mumasankha kuti "File As", kapena "Arquivar como" m'Chipwitikizi, izitsata "Last, First". Chosankha chimenechi chimagwira ntchito pa maina atsopano okha. Amene munawasunga kale amakhala monga analili mpaka mutawatsegula limodzilimodzi n'kusintha kabokosi ka "File As". Malo achiwiri ndi buku la maadiresi limene limatseguka mukamalemba kalata. Kuti limeneli lisinthe, pitani ku "File", "Account Settings", mutsegule tsamba la "Address Books", mudine "Change", ndipo pa "Show names by" musankhe "File As". Mukatero tsekani Outlook n'kuitsegulanso, apo ayi muganiza kuti palibe chimene chachitika. Ogwiritsa ntchito Thunderbird, pulogalamu ina ya imelo, apeza chosankha cha "Last, First" m'buku la maadiresi momwemo, pa zosankha za maonekedwe a mndandanda.

Musanayambe kukonza, onani kumene maina anu akusungidwa. Ambiri a ife tili ndi makhadi awiri kapena atatu, wa Movitel, wa Vodacom kapena wa Tmcel, ndipo a m'malire amaonjezapo khadi la ku Malawi kapena la ku Zambia. Khadi la SIM lili ndi malo amodzi okha a dzina, malowo ndi aafupi, ndipo silisunga adiresi ya imelo monga momwe akaunti imasungira. Dzina limene lili pa khadi silingagawidwe kukhala loyamba ndi lomaliza. Lowani mu "Definições", mupeze "Importar", ndipo mukopere maina onse a pa khadi kupita ku akaunti ya Google. Ubwino wina ndi wakuti foni ikabedwa kapena ikagwera m'madzi, maina mudzawapezanso mukangolowa mu akaunti yanu pa foni ina.

Tsopano funso lalikulu ndi lakuti dzina lomaliza la munthu ndi liti. Kuno kwathu munthu amakhala ndi maina atatu kapena anayi pa chitupa chake, monga momwe tionera pa Samora Moisés Machel kapena Joaquim Alberto Chissano. Pa maina oterewa, loyamba lilowe m'kabokosi ka dzina loyamba, lapakati m'kabokosi ka dzina lapakati, kamene kamabisika mpaka mutadina mawu oonetsa mabokosi ena, ndipo lomaliza lokha ndi limene lilowe m'kabokosi ka dzina la bambo. Mukalemba "Moisés Machel" pamodzi m'kabokosi komaliza, munthuyo adzasanjidwa ndi Moisés, ndipo adzatalikirana ndi abale ake. Vuto limakula pamene dzina la pa chitupa likusiyana ndi limene munthu amadziwika nalo kumudzi, monga zimachitikira kwa munthu amene analembetsa dzina loyamba la bambo wake ngati dzina lomaliza, pamene aliyense amamuitana ndi mfunda wake. Apa muyenera kusankha lamulo limodzi n'kulitsata pa anthu onse. Ngati mndandandawo ndi wa ntchito imene imakhudza mapepala, monga kulipira alimi kapena kulemba makalata a ofesi, tsatani chitupa, ndipo mfunda muulembe m'kabokosi ka dzina lamasewera, chifukwa mukamafufuza pulogalamu imayang'ananso m'menemo. Ngati ndi wa mpingo kapena wa pachibale, mfunda ukhoza kukhala dzina lomaliza. Kusakaniza malamulo awiriwa ndiko kumawononga mndandanda.

Mawu aulemu nawo amafuna malo awoawo. Tikamasunga nambala timalemba monga timalankhulira: "A Phiri", "Bambo Mwale", "Mayi Nkhoma", "Abusa", "Dona", "Sr.", ndipo mapeto ake theka la mndandanda limadzaza pa zilembo A, B ndi M. Mapulogalamu onse amene tawatchulawa ali ndi kabokosi kapadera ka mawu otsogolera dzina, kotchedwa "Prefixo" kapena "Prefix" (mu Outlook ndi "Title"), ndipo mawu olembedwa m'menemo saganiziridwa posanja. Ulemu sutayika, popeza foni ikalira mawuwo amaonekabe. Amayi amene timawaitana kuti Naphiri, Nabanda kapena Nangozo, ndi bwino kuwalemba kuti Phiri, Banda kapena Ngozo m'kabokosi komaliza ngati mukufuna kuti akhale pamodzi ndi a mfunda wawo, ndipo dzina laulemulo lipite ku dzina lamasewera. Chimodzimodzinso maina otchulira mwana, monga "Amake Chikondi" kapena "Abambo a Yohane". "Amake Chikondi" mukamusiya chonchi, mafoni ena amene amagawa okha dzina potenga liwu lomaliza adzamuyesa kuti dzina la bambo wake ndi Chikondi. Zomwezi zimachitika mukalemba "Banda wa chigayo": munthuyo amakapezeka pa chilembo C. Ntchito ya munthu ilembeni m'kabokosi ka kampani kapena ka ndemanga.

Kalembedwe ndi chinthu china chimene chimatigawira banja limodzi pawiri. Mayina athu a malo amalembedwa mwanjira ziwiri, Ulongwe ndi Ulónguè, Zobwe ndi Zóbuè, Kalomwe ndi Calómuè, ndipo maina a anthu amachita chimodzimodzi: amene ku Dedza kapena ku Ntcheu amalemba Mwale, kuno akhoza kulembedwa Muale, ndipo Kamanga akhoza kukhala Camanga. Kwa pulogalamu, C ndi K ndi zilembo zotalikirana, ndipo abale awiri amene mmodzi analembetsa chitupa tsidya lino wina tsidya linalo sadzayandikana. Sindikuona kuti n'koyenera kusintha dzina la munthu mosemphana ndi chitupa chake pofuna kukongoletsa mndandanda. Njira yabwino ndi kusunga kalembedwe ka pa chitupa, kenaka kulemba kalembedwe kenako m'ndemanga kuti kufufuza kuzimupeza mbali zonse. Maina a Chipwitikizi okhala ndi timawu monga "da", "de" ndi "dos" amasanjidwa mwamwambo potsata dzina lenilenilo, kotero "dos Santos" ayenera kupezeka pa S. Ikani "dos" kumapeto kwa dzina lapakati, ndipo "Santos" yekha akhale m'kabokosi komaliza. Sukulu, chipatala, sitolo kapena ofesi musazipatse dzina loyamba ndi lomaliza. Zilembeni m'kabokosi ka kampani, mabokosi a dzina muwasiye opanda kanthu.

Ngati maina ndi ochepa, akonzeni limodzilimodzi, makamaka pa kompyuta pamene kulemba n'kosavuta. Ngati ndi mazana angapo, pali njira yachidule koma yofuna kusamala. Pa contacts.google.com dinani "Exportar", musankhe Google CSV, mtundu wa fayilo yoika maina m'mizere, ndipo fayiloyo muisunge kawiri: imodzi musaikhudze, ikhale yobwererapo zinthu zikalakwika, inayo ndiyo muikonze. Mukaitsegula muona kuti dzina loyamba, lapakati ndi lomaliza zili m'mizere yakeyake yotsika, ndipo diso limaona msanga pamene pali mpata kapena pamene dzina lalowa polakwika. Ndimakonda kuti fayiloyi itsegulidwe ndi Google Sheets kapena LibreOffice Calc, mapulogalamu oonetsa zinthu m'mizere, posankha UTF-8 ngati mwafunsidwa za kawerengedwe ka zilembo, chifukwa mukangoidina kuti itseguke mu Excel zilembo monga ã, ç ndi é zikhoza kusanduka zizindikiro zosawerengeka. Manambala nawo amavulala: chizindikiro cha + chimachoka, ziro woyambirira wa manambala a ku Malawi amatayika, ndipo nambala yaitali imafupikitsidwa mwa masamu. Mzere wa manambala muuike kuti uwerengedwe ngati mawu, ndipo popeza mwayamba kale kukonza, nambala iliyonse ipatseni chiyambi cha dziko lake, +258 ya Mozambique, +265 ya Malawi ndi +260 ya Zambia, kuti izigwira ntchito mbali iliyonse ya malire.

Pobwezeretsa fayilo yokonzedwayo kumbukirani kuti "Importar" imaonjezera maina, sichotsa akale, kotero mukailowetsa pamwamba pa mndandanda wakale munthu aliyense aoneka kawiri. Mukatsimikiza kuti fayilo yobwererapo ija ilipo ndipo ikutseguka, fufutani maina akale kenaka mulowetse atsopano. Zithunzi za anthu zikhoza kusabwerera mwanjira imeneyi, choncho amene mumazikonda ganizirani kaye. Zinthu zikasokonekera, Google imalola kubweza mndandanda wonse momwe unalili pa nthawi iliyonse ya m'masiku 30 apitawo, kudzera pa "Undo changes" pansi pa kachizindikiro ka giya kaja, ndipo maina ofufutidwa amakhala m'bokosi la zinyalala kwa masiku 30 asanatheretu. Ntchito imeneyi ichiteni pamene intaneti ili yokhazikika ndiponso batire lili lodzaza, ndipo foni muipatse nthawi yoti ilandire zosinthazo musanayambe kuikonzanso.

Pali maina ena amene simunawasunge nokha. Gmail imasunga adiresi ya munthu aliyense amene mwamulembera kalata pa malo otchedwa "Outros contactos", ndipo ambiri a iwo amakhala ndi adiresi yokha popanda dzina, kapena ndi dzina limene mwiniwake anadzipatsa potsegula akaunti. Amene mumawafuna asamutsireni ku mndandanda waukulu n'kuwalembera maina awo moyenera. Kenaka gwiritsani ntchito "Merge & fix", imene imaonetsa maina amene ikuwaganizira kuti ndi a munthu mmodzi. Musavomereze onse nthawi imodzi. M'dera limene a Phiri ndi a Banda ali pakhomo lililonse, ndiponso mwana amatchedwa dzina la agogo ake, anthu awiri osiyana amakhala ndi maina ofanana ndendende, ndipo mukawaphatikiza kalata ya wina idzapita kwa mnzake. Yerekezani nambala ndi adiresi ya imelo musanaphatikize, ndipo pamene anthu awiri ndi osiyanadi, lembani mudzi wa aliyense m'kabokosi ka "Sufixo", kuti Banda wa ku Domwe asiyane ndi Banda wa ku Chifunde popanda kusuntha malo awo pa chilembo B.