Phala la madeya likupha mathole athu

Chilimwe chino nsenjere zauma msanga, mkaka watsika, ndipo m'makola ambiri a ku Mpemba, Lunzu ndi Chileka mukupezeka vuto limodzimodzi. Mathole a masabata awiri kapena atatu ali nthiti pamtunda, maso olowa, kumchira kuli chinyezi cha ndowe zamadzi zonunkha mowawasa. Mukafunsa chimene akumwa, yankho silisintha: lita imodzi ya mkaka, kuthiramo madzi kuti ichuluke, kusakaniza ndi phala la madeya kapena la mgaiwa, ena n'kuwonjezamo shuga wa m'paketi akuti kuti thole lipeze mphamvu. Mkaka wotsalawo wonse wapita ku bulking, kumalo kumene alimi amasonkhanitsira mkaka wogulitsa.

Ndalama ya mkaka ndi imene ikugula feteleza ndi kulipira fizi, zimenezo palibe akukana. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti mlimi yemweyo sangayerekeze kupita ndi mkaka wothira madzi ku bulking, podziwa kuti kachipangizo koyezera kaja kamugwira. Koma thole akulimwetsa womwewo, ngati kuti m'mimba mwake mulibe choyezera.

Ng'ombe ili ndi zifu zinayi, aliyense amene anasendapo akudziwa. Zitatu zoyambazo zilibe tiziwalo totulutsa madzi ogaya chakudya ngakhale kamodzi. Mmenemo ntchito ndi ya tizilombo tosaoneka ndi maso timene timafufumitsa udzu. Chifu chachinayi chokha ndicho chili ndi tiziwaloto, ndipo thole likamabadwa chimenechi chimatenga malo oposa theka, pamene chifu choyamba, chachikulu chija, chikadali kathumba kopanda ntchito.

Mukaika kachidutswa ka khoma la chifu chachinayi pa maikulosikopu, mumaona timaenje tambirimbiri tothithikana, ndipo pansi pa kadzenje kalikonse pali timachubu topapatiza tolowa m'kati mwa khomalo. Maselo a pakamwa pa kachubu amatulutsa zonanda zimene zimateteza chifu kuti chisadzigaye chokha. Cha pakati pali maselo onenepa otulutsa asidi wa hydrochloric. Kunsi kwenikweni kuli maselo otulutsa timadzi togaya mapuloteni, ndipo mwa thole laling'ono tochuluka ndi ta rennin. Rennin ntchito yake ndi imodzi basi: kugwiranitsa puloteni ya mu mkaka. Pakangotha mphindi pafupifupi 10 thole litamwa, mkaka umakhala utaundana ngati chambiko. Madzi ake amatsogola kupita m'matumbo, chibulumacho n'kutsala kumagayika pang'onopang'ono kwa maola ambiri. Ndiye inu mukathira madzi, chibuluma chimakhala chofooka kapena sichipangika n'komwe, mkaka n'kuthamangira m'matumbo usanagayike.

Za phala ndiye zoipa kuposa pamenepo. Chimanga ndi sitachi, ndipo sitachi amagayidwa ndi timadzi totchedwa amylase. Malovu a munthu ali naye amylase, a ng'ombe alibe. Thole likudalira kapamba, amene maselo ake anakhala m'timagulu tozungulira tothira timadzi take m'timitsempha topita poyambira matumbo aang'ono. Koma masabata atatu oyambirira kapamba wa thole amatulutsa amylase wochepa zedi, ndipo amachita kukwera pang'onopang'ono mpaka cha m'ma miyezi iwiri. Shuga wa nzimbe uja, khoma la matumbo a thole lilibiretu chomugayira. Chimene lili nacho chochuluka ndi chogayira shuga wa mu mkaka. Zonse zosagayikazi zimakasasa m'matumbo, zimakoka madzi a m'thupi, thole n'kuyamba kutsegula.

Mayi wina wa ku Lunzu atamva zimenezi anandiyang'ana n'kunena kuti, "Alangizi, ine ana anga onse ndinawalera ndi phala, ena ali pantchito ku Limbe. Nanga ng'ombe yodya udzu ndiye ingafe nalo?" Ndinawafunsa kuti, "Mayi, anawo munawayambitsa phala ali ndi miyezi ingati?" Akuti 6, monga amanenera ku sikelo. Thole lawo linali ndi masiku 10. Anali atagula kale botolo la jakisoni, n'kulibaya kawiri, koma phala osasiya. Zimenezi ndiye zimandithera mphamvu: timathamangira mankhwala pa vuto limene tikulipanga tokha m'mawa ndi madzulo, ndipo tanena izi pa misonkhano ya magulu kwa zaka zambiri.

Tawerengani bwino. Thole lalikazi likafa, mwataya ng'ombe imene ikanadzakupatsani mkaka zaka zingapo, ndipo ngati muli pa ndondomeko yopatsirana ng'ombe, mnzanu amene akudikira nayenso mwamuimitsa. Likapulumuka limapinimbira. Lokula bwino limakweretsedwa lili ndi miyezi 15 mpaka 18, koma lopinimbira limadutsa zaka ziwiri likungodya zanu popanda chobweza. Malita awiri kapena atatu amene mukupulumutsa patsiku sangalipire zimenezo.

Chodabwitsa n'chakuti madeya omwewo akakhala ouma ndi abwino. Thole likamamwa mkaka, kakhwawa ka minofu ka kumapeto kwa mmero kamatsekeka n'kulondolera zonse ku chifu chachinayi, n'chifukwa chake phala losakaniza ndi mkaka limalambalala chifu chachikulu. Chakudya chouma chimagwera m'chifu chachikulucho, tizilombo n'kuyamba kuswana, khoma lake n'kumakula. Chimene mukufunacho, choti thole lisiye mkaka msanga, chimabwera njira imeneyi.

Zochita ndi izi, mwachidule. Chithuwi, mkaka woyamba ng'ombe ikangobereka, thole limwe m'maola 6 oyamba, malita awiri kapena kuposa. Pakatha maola 24 matumbo salandiranso chitetezo chake. Kenako mkaka wosathira kanthu, wofunda monga wangokamidwa, gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake: thole la makilogalamu 40 limwe malita 4 patsiku, ogawa kawiri, m'ndowa yotsuka. Madzi akumwa akhale paokha. Likatha sabata, ikani kachikhatho ka madeya ouma osakaniza ndi soya wokazinga wogaya, ndi udzu wouma wofewa pang'ono. Lisiyitseni mkaka likamamaliza kilogalamu imodzi ya chakudya chouma patsiku, nthawi zambiri pa masabata 8 mpaka 12. Limene layamba kale kutsegula, siyani phala lero, lipatseni ORS pakati pa nthawi zomwera mkaka, osati madzi a shuga wa m'paketi, ndipo likalephera kuimirira kapena ndowe zikaoneka magazi itanani mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo.