Kwa anzanga a ankylosing spondylitis (matenda otupitsa ndi kuumitsa mfundo za msana) amene mukupewa sitachi pofuna kuchepetsa ululu

Kuno ku Mzuzu ambiri akasiya nsima amathawira ku kondowole. Musatero, chinangwa ndiye sitachi weniweni. Mpunga, mbatata, nthochi zophika, nyemba ndi thobwa, zonsezi n'chimodzimodzi.

Mumsika gulani usipa, batala, mazira, nkhuku, mapeyala, ndi masamba monga mpiru, nkhwani kapena bonongwe. Chenjerani kwambiri ndi soseji komanso supu wa m'mapaketi, chifukwa nthawi zambiri amathiramo ufa.

Mukakayika, patulani kachidutswa pambale ina, mudonthezerepo ayodini wa ku famase. Kakada bii, muli sitachi. Kachidutswako tayani, musadye.

Chonde, mankhwala musasiye. Ena kadyedwe aka kamawachepetsera ululu wa msana, ena ayi, ndipo kamaondetsa. Kambiranani kaye ndi dokotala wanu.