Momwe mungapangire fila wofanana ndi mtundu wa thabwa lanu

Tebulo la mlombwa likhoza kukhala lopalidwa bwino ndi lolumikizidwa mwaluso, koma ngati pamene panalowa misomali pakuoneka timadontho toyera kapena takuda, maso a wogula amagwera pomwepo asanaone china chilichonse. Fila, phala lotsekera mabowo ndi ming'alu ya matabwa, amapezeka wopangiratu m'masitolo a zipangizo zomangira, koma amabwera m'mitundu yochepa yotchulidwa mayina a mitengo monga oak ndi teak, pamene akalipentala athu amagwira ntchito ndi mlombwa, mbawa, bulugamu, malaina ndi paini wa ku Chikangawa kapena ku Zomba. N'chifukwa chake nthawi zambiri fila wodzipangira nokha amabisika bwino kuposa fila wogula m'sitolo. Chofunika kuchigwira kuyambira pachiyambi n'chakuti mtundu umene mukufananitsa ndi wa thabwa litapakidwa vanishi, osati mmene likuonekera lili lopanda kanthu.

Yambani ndi kudziwa mmene thabwa lanu lidzasinthire. Mbawa ikangochekedwa kumene imakhala yofiirira mopepuka, ndipo pakapita miyezi imada n'kukhala yofiira kwambiri. Paini amayamba ali woyera kenaka amasanduka wachikasu chifukwa cha kuwala. Mlombwa ndi wovutirapo chifukwa thabwa limodzi limatha kukhala ndi chigawo choyera cha kunja kwa mtengo ndi chigawo cha mtima chomwe ndi chofiirira, kotero kuti fila mmodzi sangakwanire thabwa lonse. Kuti muone mtundu umene vanishi adzatulutse, pukutani malo ozungulira bowo ndi kansalu konyowetsedwa ndi sipiriti. Mtundu umene ukuoneka thabwa likadali lonyowa ndi umene mukuufuna.

Kenaka sonkhanitsani fumbi la thabwa lomwelo. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa potola utuchi wa pansi pa benchi, umene umakhala wosakanikirana ndi mchenga ndiponso utuchi wa mitengo ina. Utuchi wa sowo ndi wokhakhala kwambiri ndipo umasiya chigamba chooneka ngati cha gaga. Tengani chidutswa chotsala cha thabwa limene mukugwirira ntchito, chikwecheni ndi sandipepa watsopano wa nambala 180 kapena 220 pamwamba pa pepala loyera, ndipo fumbi limene lagwa mulisefe ndi kasefa ka tiyi kapena nsalu yopyapyala. Ngati mukugwira mlombwa, sungani padera fumbi la chigawo choyera ndi la chigawo chofiirira. Musagwiritse ntchito sandipepa amene anakwechapo chitsulo, chifukwa tizidutswa ta chitsulo tikakumana ndi chinyezi cha guluu timadetsa mitengo ina, makamaka bulugamu. Pa chifukwa chomwechi, potakasa gwiritsani ntchito kamtengo kapena kapulasitiki.

Tsopano musankhe chomangira fumbilo, ndipo chisankho chimenechi chimadalira zimene mudzapake pamapeto. Guluu woyera wa matabwa, wa PVA, ndi amene amapezeka mosavuta ndipo amagwira mwamphamvu. Thirani guluu pang'onopang'ono pa fumbi, mukutakasa mpaka phalalo litalimba ngati chiponde, loti silikuyenderera mukalinyamula ndi kamtengo. Fumbi lichuluke kuposa guluu, popeza guluu akachuluka chigamba chimauma chonyezimira ndiponso chimafota kwambiri. Vuto la guluu n'lakuti akauma samwa stain, mankhwala amene amalowa m'thabwa n'kulisintha mtundu, choncho ngati mukufuna kudzasintha mtundu wa thabwa lonse, chigambacho chidzatsala chowala pakati pa thabwa lakuda. Zikatero ndi bwino kusakaniza fumbi ndi sanding sealer (mankhwala otsekera thabwa amene amapakidwa vanishi asanapakidwe) kapena vanishi yemweyo amene mudzapake, ngakhale kuti fila wotere ndi wosalimba kwenikweni ndipo amayenera timabowo ta misomali tokha. Njira ina ndi kupaka stain poyamba, n'kupanga fila motsatira mtundu umene watuluka.

Pali chinthu chimodzi chimene chimadabwitsa oyamba kumene ntchitoyi: fila wopangidwa ndi fumbi la thabwa lomwelo kawirikawiri amauma ali wakuda kuposa thabwalo. Izi zimachitika chifukwa fumbi limamwa guluu ndi vanishi mbali zonse, monga mmene kumapeto kwa thabwa kodulidwa ndi sowo kumamwera kwambiri kuposa pamwamba pake. Pa mbawa ndi mlombwa kusiyanako sikuvutitsa kwambiri, popeza thabwalo lidzada m'kupita kwa nthawi ndipo diso limaona kadontho kakuda pang'ono ngati mbali ya mtengo. Pa paini ndi malaina kadontho kotere kamaonekera patali, motero muyenera kuwalitsa fila wanu poonjezera fumbi la chigawo choyera kwambiri cha thabwa kapena choko choyera chopera pang'ono. Mukafuna kudetsa, onjezerani fumbi la mtengo wakuda kuposa wanuwo, kapena okusaidi wofiira amene amathira m'simenti ya pansi, koma wongokwana pansonga ya machesi, chifukwa ndi wamphamvu kwambiri. Pamene pali mfundo yong'aluka, fananitsani fila ndi mfundoyo, imene imakhala yakuda kale, osati thabwa lozungulira.

Musanakhudze katundu weniweni, yesani pa chidutswa chotsala. Boolani timabowo titatu kapena tinayi, muike zosakaniza zosiyana pang'ono m'bowo lililonse, ndipo mulembe ndi pensulo pambali pake zimene mwasakaniza. Zikauma kwechani, pakani vanishi yemwe mudzagwiritse ntchito, ndipo mukaziyang'ane panja pa kuwala kwa dzuwa, chifukwa babu la m'nyumba limanamiza mtundu. Kuyesaku kumadya tsiku limodzi, ndipo kalipentala amene wathinidwa ndi kasitomala amafuna kukudumpha, koma kuchotsa fila wolakwika pa tebulo lopaka kale vanishi kumadya nthawi yoposa pamenepo.

Potseka bowo lenilenilo, lowetsani mutu wa msomali mamilimita 2 kapena 3 m'kati mwa thabwa ndi panchi (kachitsulo kokhomera mutu wa msomali), chotsani fumbi lonse, ndipo matani tepi ya pepala mozungulira bowo kuti guluu asapakike pa thabwa, chifukwa pamene pakhudza guluu pamadzaoneka banga vanishi akalowa. Kanikizani fila mwamphamvu kuti afike pansi pa bowo, ndipo mumusiye atatumphuka pang'ono pamwamba popeza amafota pouma. Bowo lozama kuposa mamilimita 5 mulidzaze kawiri kapena katatu, mukudikira kuti woyambayo aume, apo ayi pamwamba padzauma m'kati mukadali mofewa ndipo chigamba chidzang'aluka. Perekani maola 24 musanakweche, ndipo m'nyengo ya mvula kapena m'madera a chinyezi monga Mulanje ndi Nkhata Bay muonjezerepo nthawi. Kwechani ndi sandipepa wokulunga pa kathabwa kosalala, motsatira mizere ya thabwa, kuyambira nambala 120 mpaka 220. Mukakwecha ndi zala zokha mumakumba thabwa lozungulira, makamaka paini amene ndi wofewa.

Pa chigamba chokulirapo, mtundu umodzi wosalala umaonekera ngakhale utafanana bwanji, chifukwa thabwa lili ndi mizere. Mukapaka vanishi koyamba n'kuuma, jambulani timizere topyapyala ndi pensulo ya mtundu wofiirira kupitiriza mizere ya thabwa kudutsa pa chigambacho, kenaka pakani vanishi wachiwiri kuti aitsekere.

Bowo lalikulu kuposa chala lisatsekedwe ndi fila: semani kachidutswa ka thabwa lomwelo, mizere yake iloze mbali imodzi ndi ya thabwa lalikulu, mukamate ndi guluu n'kupala ndi puleni kakauma. Mng'alu umene wabwera chifukwa thabwa linali laliwisi udzatsekukanso ngati thabwalo silinamalize kuuma, choncho dikirani liume kaye. Ndipo pa mpando kapena kabati yopaka kale vanishi, pomwe simungakweche, gwiritsani ntchito phula lolimba la mtundu wofanana: likanikizeni m'bowo, palani lotsala ndi kapulasitiki, n'kupukuta ndi nsalu youma.