Stadi ya tayala ikaduka, kaikidwe ka yatsopano ndi aka

Ma stadi, mabawuti aja omangapo manati a tayala, ambiri amaduka chifukwa chomangitsa, zija zolowetsa paipi pa wilo sipanala kenako munthu nkukwerapo ndi mapazi onse awiri. Chitsulo chimatamuka pang'onopang'ono mpaka tsiku lina mukumasula nati mungoona yatsala m'manja ndi kachidutswa ka stadi mkati.

Imikani galimoto pamalo osatsetsereka, tchingani matayala enawo ndi miyala, masulani manati pang'ono isanakwere jeki. Mukakweza ikani sitandi (chitsulo chochirikiza galimoto) pansi, jeki yokha musaikhulupirire. Chotsani tayala, kalipa ya buleki (chija chopana disiki) ndi bulaketi yake kenako disiki, koma kalipayo muimangirire ndi waya isalendewere pa paipi yake ya mafuta. Stadi yodukayo igogodeni ndi hamala molunjika ituluke chakumbuyo, osamenya ngati mukuswa miyala ya kwale, mupweteka bering'i.

Pokagula pitani nayo yakaleyo mukafananize. Ma Toyota ngati Vitz, Corolla ndi Sienta mazinga ake ndi M12 x 1.5 pomwe Nissan zambiri ndi M12 x 1.25, pongoyang'ana zimaoneka zimodzimodzi koma nati ya ina siingalowe pa inzake.

Apa nde pofunika kudekha. Zungulitsani habu, chitsulo chija pamakhala ma stadi, mpaka bowo lifike pomwe kumbuyo kuli mpata, lowetsani stadi kuchokera kumbuyo. Kutsogolo ikani mawashala angapo kenako nati wamba yabowo mbali zonse, muzimanga pang'onopang'ono ndipo natiyo izikoka stadi mpaka timano tija ta pakhosi pake tilowe tonse. Suzumirani kumbuyo ndi tochi ya foni, mutu wa stadi ugone gwa pa habu. Kakatsala kampata olo kakang'ono bwanji, stadiyo ikamalizira kulowa muli pamsewu ndiye nati nkukhwepa yokha osadziwa.

Bwezerani disiki ndi kalipa, pukutani dzimbiri pomwe pamakhala limu. Pamazinga osapakapo girisi kapena oyilo, mumamangitsa osazindikira. Nati iliyonse iyambeni ndi dzanja, ikakana pachiyambi pomwe bwezani, yalowa mopingasa imeneyo. Pomanga muzidumpha, iyi kenako yoyang'anana nayo, osati motsatana. Tsitsani galimoto nkumalizitsa ndi torque wrench, sipanala yoyeza kamangidwe ka nati mu ma Nm, ma Toyota ang'onoang'onowa amafuna 103 Nm, zina onani m'buku la galimotoyo. Ngati mulibe bwerekani kugalaja, kulibwino kulipirako kangachepe.

Musanayende pondani buleki kangapo ilimbe, ndipo mukayenda makilomita 50 mpaka 100 muyesenso manati onse.