Momwe mungawunikire intaneti ya pa ofesi popanda kusanduka kazitape

Bandulo ya pa ofesi ikatha mwezi usanafike pakati, kapena malipoti akamachedwa, abwana ambiri amathamangira kunena kuti antchito akungotaya nthawi pa Facebook ndi TikTok. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma musanagule pulogalamu yojambula chilichonse chimene munthu akuchita pa kompyuta, yesani kaye njira iyi, yomwe siyidula ndipo siyingakufikitseni kukhoti.

Yambani ndi rauta, kabokosi kamene kamagawa intaneti pa ofesi, anthu abwere pambuyo. Adilesi yolowera imalembedwa pansi pa rautayo, kawirikawiri 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1. Mukalowa, werengani zipangizo zimene zalumikizidwa. Musadabwe kupeza foni ya munthu amene anasiya ntchito kalekale, kapena ya mnyamata wa pa shopu yoyandikana nanu amene anapatsidwa pasiwedi tsiku lina. Sinthani pasiwediyo. Kenako onani makompyuta. Windows imadzikokera yokha ma update akuluakulu, ndipo mafoni amakweza okha zithunzi ndi makanema akangoona wifi. Pa Windows pali pamene palembedwa "metered connection". Mukayatsa pamenepo, kompyuta imachepetsa zodzikokera. Rauta monga za MikroTik zimatha kuonetsa data imene chipangizo chilichonse chadya, choncho dikirani sabata imodzi kapena ziwiri muone manambala musanaloze chala aliyense.

Ngati mwaona kuti vuto lilipodi, auzeni antchito musanayambe kuwunika. Apa ndiye pamene ambiri amalakwitsa. Ndime 21 ya malamulo oyendetsera dziko la Malawi imateteza chinsinsi cha munthu, kuphatikizapo makalata ndi mauthenga ake apafoni, ndipo kuyambira 2024 tili ndi lamulo loteteza zambiri zokhudza anthu, la Data Protection Act, lomwe akuliyang'anira ndi a MACRA. Ku Romania, injiniya wina dzina lake Bogdan Bărbulescu anachotsedwa ntchito mu 2007 abwana ake atawerenga mauthenga amene ankalemberana ndi mchimwene wake komanso chibwenzi chake pa Yahoo Messenger ya kuntchito. Mu 2017 khoti la ufulu wachibadwidwe la ku Ulaya linagamula kuti ufulu wake unaphwanyidwa, ndipo chimodzi mwa zifukwa chinali chakuti sanauzidwe bwinobwino pasadakhale kuti zimene akulemba ziziwerengedwa. Chigamulochi sichimanga makhoti athu, koma nzeru yake ndi yomveka kwa aliyense.

Choncho lembani tsamba limodzi, m'chinenero chimene aliyense pa ofesipo amamva. Mulembe zimene muziona, zimene simuziona, amene aziona, nthawi imene muzisunga zimene mwaonazo, ndi nthawi imene munthu akhoza kugwiritsa ntchito intaneti pa zake, mwachitsanzo nthawi ya nkhomaliro. Kambiranani pa msonkhano, aliyense asayine, ndipo lamulolo ligwirenso ntchito kwa abwana. Bwana amene amaonera zigoli za Premier League pa kompyuta ya kuntchito asayembekezere kuti mlembi wake amvera.

Potseka, musatseke mwaukali. Masamba a juga ndi a zolaula atsekeni. OpenDNS, chithandizo cha pa intaneti chosefa masamba, imachita zimenezi mukangosintha manambala a DNS (amene rauta imapezera masamba) mu rauta n'kusankha magulu a masamba amene simukuwafuna. Koma WhatsApp iganizireni kawiri, chifukwa makasitomala ambiri amatumizira pomwepo maoda ndi umboni wakuti alipira. YouTube nayo ndi imene akauntanti wanu amaphunzirirapo Excel. Chothandiza kwambiri ndi kupanga wifi ziwiri: ina ya makompyuta a ntchito, ina ya mafoni ndi alendo, yachiwiriyi muichepetsere liwiro. Munthu azitha kuyankha uthenga wochokera kumudzi, koma kanema wa ola lathunthu azimutopetsa yekha.

Mapulogalamu olemba batani lililonse limene munthu wadina, kapena ojambula sikirini mphindi iliyonse, ine ndikuti asiyeni. Amagwira ndi mapasiwedi a kubanki omwe, ndipo tsiku limene ndalama za wantchito zidzasowe, woyamba kukayikiridwa mudzakhala inu. Komanso anthu amapeza njira. Mu 2024 banki ya Wells Fargo ku America inachotsa antchito oposa 12 chifukwa chonamizira kuti akugwira ntchito pa kiyibodi pamene sakugwira. Kuno kwathu nkosavuta kuposa pamenepo: munthu amangogula kabandulo ka Airtel kapena TNM n'kupitiriza pa foni yake pansi pa tebulo, rauta yanu osaona kanthu.

Nchifukwa chake muyezo weniweni ukhale ntchito imene yatuluka. Gwirizanani ndi aliyense Lolemba zimene ayenera kumaliza pofika Lachisanu: ma invoice angati, makalata ati, makasitomala angati oti ayimbiridwe. Amene wamaliza zake bwino, mphindi khumi zimene anakhala pa Facebook zisakudwalitseni mutu. Amene sakumaliza, muitaneni payekha mumve kaye. Mwina ntchito samaidziwa bwino, mwina yamuchepera, mwina akudikira siginecha yanu kuyambira dzana.

Zikafika popereka chilango, tsatani ndondomeko: chenjezo lapakamwa, kenako lolemba. Ndime 57 ya Employment Act ya 2000 imafuna kuti pakhale chifukwa chomveka chochotsera munthu ntchito, ndiponso kuti apatsidwe mpata wodziteteza asanachotsedwe. Mukadumpha zimenezi, mndandanda wa masamba amene anatsegula sudzakupulumutsani ku Industrial Relations Court, khoti loweruza milandu ya pa ntchito. Mndandandawo uzisungidwa ndi munthu mmodzi kapena awiri okha, usamatumizidwe pa gulu la WhatsApp la ofesi, ndipo muziufufuta ikakwana nthawi imene munalemba pa tsamba lija.