Mukufuna nchito yosamalira ana ang'ono ku Lusaka? Yambani ndi izi

Kuno ku Lusaka ma preschool angomera ngati bowa, ku Kanyama, ku Chawama, ku Mtendere, pena garaji chabe aipaka penti basi ati ndi sukulu. Ngati nchitoyi mukuifuna ndithu osati yongodikirira ina, yambani ndi mapepala: satifiketi kapena dipuloma ya ECE (maphunziro a ana ang'ono, Early Childhood Education), kulembetsa ku Teaching Council of Zambia, ndi police clearance ija amadinda zala. Izo nzosavuta kumva, pitani mukachite.

Koma makolo amaonera pageti m'mawa. Mwana akamalira kukana kulowa, gwadani mufanane naye msinkhu, mutchule dzina lake, osamukoka dzanja ngati thumba la makala ayi. Ndodo iwalani, Children's Code Act ya 2022 inaletsa kumenya mwana, ngakhale bambo ake atanena okha kuti "ba teacher muzimukwapula uyu ngosamva". Wazaka 3 akakodzera kabudula musamuyaluse pa anzake, mutengeni mwakachetechete mukamusinthe, ndiye chifukwa chake mumawauza amayi ake kuti muchikwama muzikhala chovala china.

Tsiku lolembetsa pemphani khadi la under five muone katemera, mufunsenso zomwe mwana sadya, ena mtedza umawatupitsa. Kusamba m'manja ndi sopo asanadye komanso akachoka ku toileti musatope nako, mwaiwala kolera ija inachedwetsa masukulu kutsegulira mu 2024? Mwana akayamba kutsegula m'mimba sungunulani masupuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, azimwa pang'onopang'ono inu mukuimbira makolo kuti apite naye ku kiliniki.

Chomwe ine ndinaphunzira movutikira ndi cha otenga mwana. Tsiku lina kunabwera abambo ena ovala bwino ati ndine amalume ake, mwana anawathamangira, ine ndinamupereka, kenako amayi ake kubwera 16 hours mtima wanga unangoti phaa. Mwamwayi analidi amalume. Manje ndili ndi kabuku, amene sanalembedwemo satenga mwana mpaka nditaimba foni.

Mukaona zipsera zosamveka kapena mwana wayamba kuopa munthu wina wake, musamufunse ngati wapolisi, mvetserani, lembani zomwe wanena m'mawu ake ndi deti, muuze ahedi. Imbani 116, nambala yothandiza ana, ndi yaulere, kapena pitani ku Victim Support Unit ya polisi. Pa gulu la makolo la WhatsApp nkhaniyi isafikepo.